Aneni osamvera malamulo: kuchokera ku Tiberias kufika ku Tete

Mumzinda wa Tete muli dera lotchedwa Filipe Samuel Magaia, dzina la mkulu wa asilikali a Frelimo amene anaphedwa mu Okutobala 1966, nkhondo yomenyera ufulu ili mkati. Pamsika anthu amatsatsana malonda m'Chinyungwe, ku ofesi amalemba Chipwitikizi, ndipo otsika kuchokera ku Angónia, Tsangano ndi Macanga amabwera ndi Chichewa chawo. Lamulungu wina amalowa m'tchalitchi atanyamula Baibulo la Chipwitikizi la Almeida, wina Buku Lopatulika. Chihebri sichimveka paliponse, kupatula m'mayina monga Samuel wa pakati pa dzina la deralo, komanso pakamwa pa mlaliki akafuna kuti mpingo utchere khutu: "Abale, m'Chihebri mawu amenewa amatanthauza kuti..." Mpingo umagwedeza mitu. Koma mawu amene akuwamasulirawo kawirikawiri amakhala mneni, ndipo aneni a Chihebri anazunguza mitu ya akatswiri kwa zaka zoposa chikwi.

Poyamba Chihebri chinkalembedwa ndi malembo 22, kuchokera kudzanja lamanja kupita kumanzere, ndipo onsewo anali malembo opanda liwu. Ma a, e, i, o, u wowerenga ankaikamo yekha. Kwa mwini chiyankhulo zimenezi sizinali zovuta. Mchewa ataona "mdz" m'nkhani yonena za chitsime angadziwe kuti ndi madzi, osati mudzi.

Mneni aliyense amaimirira pa muzu wa malembo atatu. Tengani sh-m-r, muzu wa kusunga. Shamar ndiye kuti anasunga, yishmor adzasunga, shomer wosunga. Mungaupinde motani, malembo atatuwo amakhala pomwepo, ndipo wophunzira amawaona. Aneni otere amatchedwa olimba. Vuto limayamba pamene limodzi mwa malembo atatuwo ndi nun, yod, waw, he kapena alef. Malembo amenewa ndi ofooka: amagwa, amamezedwa ndi lembo loyandikana nalo, kapena amasanduka liwu chabe. Natan ndiye kupatsa, muzu wake n-t-n. Koma adzapatsa ndi yitten, patsa ndi ten, ndipo kupatsa kwenikweniko ndi tet, momwe nun woyamba ndi wotsiriza onse asowa. Laqach, kutenga, amataya lembo lake loyamba ngakhale lembolo silili m'gulu la ofooka, n'kukhala qach. Halakh, kupita, amasanduka lekh. Pali wina woposa onsewa: muzu wa kukantha, n-k-h, umene m'nkhani za nkhondo umaoneka ngati wayyakh, pomwe pa malembo atatu a muzu patsala limodzi lokha.

Chodabwitsa n'chakuti aneni opunduka chonchiwa si achilendo. Natan amapezeka koposa ka 2,000 m'Chipangano Chakale, hayah, mneni wa kukhala, koposa ka 3,500. Khasu limene limalima tsiku ndi tsiku ndilo limatha msanga, ndipo aneni amenewa anatha chifukwa chogwira ntchito pakamwa pa anthu.

Ayuda atabwerako ku ukapolo wa ku Babulo, Chiaramu chinayamba kulowa m'makomo mwawo, ndipo pofika cha m'ma 200 Yesu atabadwa, Chihebri chinali chiyankhulo cha m'sunagoge ndi m'sukulu basi. Omasulira oyamba anagwira ntchito yawo malembo akadali opanda liwu. Ku Alexandria, m'zaka za m'ma 200 Yesu asanabadwe, Ayuda anayamba kumasulira mabuku a Mose m'Chigriki. Patapita zaka mazana angapo, Jerome, akukhala ku Betelehemu, anatha zaka za kuyambira cha m'ma 390 mpaka 405 akumasulira Chipangano Chakale m'Chilatini kuchokera ku Chihebri. Pa Eksodo 34 anakumana ndi mneni wosowa, qaran, wonena za nkhope ya Mose potsika m'phiri. M'maonekedwe amenewo mneniyu amapezeka m'mutu womwewo wokha, katatu, ndipo ndi mbale wake wa dzina lakuti qeren, nyanga. Omasulira a ku Alexandria anamva kuti nkhope inali ndi ulemerero. Jerome anasankha mawu a nyanga. Akatswiri ambiri amati iye ankadziwa kuti n'chifanizo cha mphamvu ndi kuwala, koma ojambula a ku Ulaya anatenga mawuwo monga alili, mpaka Michelangelo anasema Mose wa nyanga ziwiri amene ali m'tchalitchi cha San Pietro in Vincoli ku Rome mpaka lero. Kwathu kuno, kumene kunena kuti munthu ali ndi nyanga ndi mlandu wa kwa amfumu, Mose ameneyo sakanalowa m'tchalitchi.

Amene anapulumutsa katchulidwe ka Chihebri ndi alembi otchedwa Amasorete, makamaka a mumzinda wa Tiberias m'mbali mwa nyanja ya Galileya, kuyambira cha m'ma 600 mpaka m'ma 900. Malembo akalewo sanawakhudze. Anangoika timadontho ndi timizere pansi, pamwamba ndi m'kati mwa malembo, kuti wowerenga atchule monga ankatchulira makolo. Banja la Ben Asher ndilo linatchuka pa ntchitoyi. Buku la Aleppo linalembedwa cha m'ma 930, ndipo la Leningrad, lolembedwa ku Cairo cha mu 1008, ndilo maziko a Baibulo la Chihebri limene ophunzira zaubusa amagwiritsa ntchito lero. Amasoretewa akapeza mneni wopindika modabwitsa sankamuwongola. Ankamusiya momwemo, n'kulemba lembo la lamed m'mphepete mwa tsamba, kutanthauza kuti palibenso pena pamene mawuwa akuoneka chonchi, mlembi wobwera asayese kukonza.

Kufunika kwa timadonthoti kumaoneka pa malembo anayi awa: w-y-sh-b. Atchulidwe wayyeshev, munthu anakhala pansi. Atchulidwe wayyashov, anabwerera. Wayyashev, anabweza chinthu. Wayyishb, anagwira anthu ukapolo. Mizu itatu yosiyana, y-sh-b, sh-w-b ndi sh-b-h, uliwonse utataya lembo lake lofooka, yonse imathera pa malembo omwewo. Chisokonezo chimenechi chinafika mpaka pa Salimo 23 limene timawerenga pamaliro. M'ndime yotsiriza, timadontho ta Amasorete timapangitsa mneniyo kukhala wa kubwerera ku nyumba ya Mulungu, pamene Chigriki chakale chinawerenga za kukhala m'nyumbamo. Mabaibulo ambiri anatsata kukhala, ndipo Buku Lopatulika linatero. Zofanana nazo zili pa 1 Mafumu 19:3, Eliya ataopsezedwa ndi Yezebeli. Kuona ndi kuopa m'Chihebri zikapindidwa zimalembedwa pafupifupi chimodzimodzi. Amasorete anaika timadontho ta kuona, Chigriki chinati anaopa. Baibulo la King James la 1611 lili ndi Eliya amene anaona, mabaibulo ambiri atsopano ali ndi Eliya wamantha. Ulaliki wonse ungatembenuke pamenepo.

Amasorete anasunga, koma sanafotokoze. Kufotokoza kunachitikira ku Spain, Asilamu akulamulira, ndipo kunayamba ndi mkangano. Ku Córdoba cha m'ma 960, Menahem ben Saruq analemba dikishonale ya Chihebri. Ganizo lake linali lakuti lembo lililonse limene limasowa pena si la muzu. Motero anapeza mizu ya malembo awiri, ina ya lembo limodzi, ndipo aneni osagwirizana n'komwe anagonekedwa malo amodzi. Dunash ben Labrat anamutsutsa mwaukali, ophunzira a mbali ziwirizo analowerera, mpaka kunyozana m'ndakatulo. Amene anamasula mfundoyo ndi Judah Hayyuj, wobadwira ku Fez m'dziko la Morocco cha m'ma 945, amene anakhazikika ku Córdoba komweko. Iye ankadziwa bwino galamala ya Chiarabu, chiyankhulo chapachibale ndi Chihebri, ndipo anaona kuti lembo losowa silichoka m'muzu. Limangobisala, n'kusiya chizindikiro: liwu lotalika, kapena lembo loyandikana nalo litchulidwe kawiri. Nun wa natan sanafe mu yitten, wangolowa mwa t, n'chifukwa chake t akumveka kawiri. Hayyuj analemba m'Chiarabu buku la aneni a malembo ofooka ndi lina la aneni obwereza lembo. Jonah ibn Janah wa ku Zaragoza anapitiriza ntchitoyo ndi galamala ndi dikishonale yathunthu. Taonani bwino apa: Chihebri chinamveka pamene wina anachiyang'ana ndi maso a chiyankhulo chimene iye ankayankhula tsiku ndi tsiku.

Kwa aphunzitsi a Chiarabu, akatswiri a Chihebriwa anabwerekanso mneni wachitsanzo, pa'al, kuchita. Pa iye panachokera mayina a misintho isanu ndi iwiri imene wophunzira aliyense amaloweza, kupatula dzina loyambalo: qal, nifal, piel, pual, hifil, hofal ndi hitpael. Koma pa'al nayenso ali ndi chilema, pakuti lembo lake lapakati ndi la kummero ndipo silitchulidwa kawiri. Aphunzitsi a pambuyo pake anasankha qatal, kupha. Kotero mpaka lero anyamata ophunzira ubusa amatha miyezi akuimba "anapha, munapha, ndinapha," pogwiritsa ntchito mneni amene m'Baibulo lonse la Chihebri amapezeka katatu kokha, kawiri m'buku la Yobu ndi kamodzi pa Salimo 139.

Kuchokera apo nkhani imathamanga. David Kimhi wa ku Narbonne, amene anamwalira mu 1235, anasonkhanitsa zonsezi m'Chihebri chosavuta. Johannes Reuchlin anatsegulira Akhristu a ku Ulaya khomo ndi galamala yake ya mu 1506. Wilhelm Gesenius wa ku Halle anatulutsa yake mu 1813, imene inakonzedwa mobwerezabwereza mpaka A. E. Cowley anaimasulira m'Chingerezi, ndipo ya mu 1910 ikugwirabe ntchito. Ku Edinburgh, A. B. Davidson analemba kabuku ka oyamba kumene mu 1874.

M'mabuku amenewa, masamba a misintho isanu ndi iwiri akatha, mumabwera kagawo ka misintho yosowa, kamene aphunzitsi ambiri amakadumpha. Ine ndimati ndi momwe muli zokoma. Pa Hoseya 11:3 pali tirgalti, wopangidwa kuchokera ku regel, phazi, wonena za kholo likuphunzitsa mwana kuponda. M'malo mwa h wa hifil ali ndi t, ndipo aneni a mtundu umenewo sakwana ndi zala za dzanja limodzi. Pa Salimo 38:10 pali secharchar, momwe malembo awiri otsiriza a muzu abwerezedwa kuti amveke mtima wa munthu wodwala ukugundagunda. Yesaya ali ndi mneni wa kulira kwa tianapiye ta mbalame, ts-p-ts-p, amene amamveka ngati kulirako. Ndiye pali hishtachawah, kugwada n'kugunditsa nkhope pansi, mneni wa kupembedza, wopezeka pafupifupi ka 170. Kwa zaka mazana ambiri ankamuika pansi pa muzu sh-ch-h, n'kumati malembo anasinthana malo ndipo lotsiriza linabwerezedwa. Mu 1929 ofukula zakale anayamba kukumba ku Ras Shamra m'dziko la Syria, napeza mapale olembedwa m'chiyankhulo cha Ugarit, momwe mneni yemweyo anaoneka kuti muzu wake ndi ch-w-h, ndipo sh ndi t akutsogolowo ndi aphatikiri a msintho wakalekale. Madikishonale atsopano anamusamutsa. Akatswiri ena sanavomereze, ndipo mkanganowo ulipobe.

Nanga zonsezi zinafika bwanji ku Zambezi? Zinafika mochedwa, modzera njira ziwiri.

Njira yoyamba inali ya Apwitikizi. Gonçalo da Silveira anadutsa pa Tete mu 1560 popita kwa Mwenemutapa, kumene anaphedwa chaka chotsatira. Ansembe amene anamutsatira ankawerenga Baibulo la Chilatini la Jerome, motero Chihebri chinafika ku Tete chitavala kale malaya a eni ake. Baibulo la Chipwitikizi nalo silinabadwire ku Portugal. João Ferreira de Almeida analimasulira ku Batavia, mzinda wa Adatchi kutali ku Asia. Chipangano Chatsopano chinasindikizidwa ku Amsterdam mu 1681, ndipo iye anamwalira mu 1691 atafika m'mutu wotsiriza wa Ezekieli, n'kumalizitsa Jacobus op den Akker. Ajezuiti atabwerera ku Zambezi m'zaka za m'ma 1880 n'kumanga mishoni ya Boroma pafupi ndi Tete, Bambo Victor Courtois analemba galamala ya Chinyungwe, imene inasindikizidwanso ku Coimbra mu 1900. Aneni a kuno anayamba kulembedwa m'mabuku, koma Akatolika anadikira mpaka 1943, pamene Papa Pius XII analimbikitsa kumasulira Baibulo kuchokera m'ziyankhulo zoyambirira.

Njira yachiwiri inadzera ku Nyasaland. Robert Laws anatulutsa Chipangano Chatsopano m'Chinyanja mu 1886. Mu 1900 mamishoni anagwirizana zokhala ndi Baibulo limodzi, ndipo katundu wolemera anagwera William H. Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, amene anagwira ntchitoyo zaka zambiri pa phiri la Kaso ku Mvera, mothandizana ndi Alexander Hetherwick ndi Robert Napier a ku Blantyre, komanso eni chiyankhulo monga Jonathan Sande, Ishmael Mwale, Wilibes Chikuse ndi Thomas Maseya. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922. Aliyense amene anakulira pa bukuli amadziwa kayendedwe kake: ndipo, ndipo, nati, natenga, napita. Achinyamata amati n'Chichewa chachikale, koma pamenepo omasulira anachita mwanzeru. Chihebri chili ndi njira yake yofotokozera nkhani, yomata wa- kutsogolo kwa mneni wofupikitsidwa, ndipo kufupikitsa kumeneko ndiko kumadula michira ya aneni ofooka n'kubala wayyakh uja. Chingerezi chilibe mneni wotero, chimangobwereza mlumikizi. Chinyanja chinali naye kale, na- wa m'nthano, wolumikiza zochitika zotsatizana.

Chaka chomwecho cha 1922 chinali chowawa kutsidya kuno. Mishoni ya Dutch Reformed inali itatsegula siteshoni ya Mphatso ku Angónia mu 1909 motsogozedwa ndi A. G. Murray, ndipo mu 1922 boma la Apwitikizi linatseka ntchitoyo. Baibulo linatuluka amishoni akulongedza. Akhristu otsala ankawoloka malire wapansi kukabatizitsa ana ndi kudya mgonero m'mipingo ya ku Nyasaland, ndipo Buku Lopatulika linalowa m'midzi ya Tete m'mitolo ya anthu oterewa ndi ya obwera kuchokera ku ntchito.

M'mabaibulo atatu a Chichewa dzina la Mulungu limalembedwa mosiyana: Yehova m'Buku Lopatulika, Yahve m'Malembo Oyera a Bambo Louis Villy a mu 1966, ndi Chauta m'Buku Loyera la mu 1998. Pansi pa kusiyanaku pagona mneni wofooka. Eksodo 3:14 amalumikiza dzinalo ndi hayah, m'maonekedwe ake a ehyeh, amene angatanthauze ndili kapena ndidzakhala. Ayuda analeka kulitchula dzinalo, Amasorete anaikapo timadontho ta mawu akuti Adonai kuti wowerenga anene Ambuye, ndipo Akhristu a ku Ulaya powerenga malembo ndi timadontho pamodzi anapeza Yehova. Mchewa sangadabwe kuti mneni wa kukhala ndi wopunduka. Wathunso ndi wotero: timati ndili, ndinali, koma za mawa -li amakana, timabwereka kukhala n'kuti ndidzakhala. Ndipo kudya, kumwa ndi kufa, aneni a tsinde lalifupi, polamula amafuna chowachirikiza: idya, imwa.

Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique itatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992, mpingo wa Igreja Reformada em Moçambique unatsegula sukulu ya abusa ku Ulónguè mu 1994. Anaitcha Hefsiba, dzina la Chihebri la pa Yesaya 62:4, lomwenso linali la mayi wake wa mfumu Manase. Kotero chigawo cha Tete chili ndi malo ake ophunzirira zaumulungu, monga momwe Malawi alili ndi Zomba, Nkhoma ndi Kachebere, ndi Zambia ali ndi Justo Mwale ku Lusaka.

Apa ndiye pali dandaulo langa. Mwana wa ku Angónia kapena ku Dedza akafuna Chihebri amachilandira kudzera m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi, m'mabuku olembedwera anthu amene ziyankhulo zawo zilibe misintho ya aneni. Buku lotero limatha masamba kufotokoza kuti ra'ah, nir'ah ndi her'ah ndi mneni mmodzi, chifukwa Mngerezi ali ndi mawu atatu osagwirizana, see, appear ndi show, ndipo Mpwitikizi ali ndi ver, aparecer ndi mostrar. Ife timangoti kuona, kuoneka, kuonetsa. Yatsa ndi hotsi ndi kutuluka ndi kutulutsa, ndipo onani kuti kwathunso k wasanduka ts popanda kupempha chilolezo, monga kuchoka ndi kuchotsa. Akhal ndi he'ekhil ndi kudya ndi kudyetsa. Hithallekh, wonena za Enoki ndi Mulungu, ndi kuyendayenda. Mwana wa sitandade 7 amene anaphunzira msintho wochititsa, wochitidwa ndi wobwerezabwereza ali kale pakati pa njira, koma palibe womuuza. Amayamba wamasulira ganizo lake m'chiyankhulo cha sukulu, n'kumavutika ndi chinthu chimene amachichita pakamwa kuyambira ali kumbuyo kwa amayi ake.

Pasakhale wondimva molakwa. Chichewa si mbale wa Chihebri. Chihebri chili m'banja limodzi ndi Chiarabu ndi Chiamhariki cha ku Ethiopia, ife tili m'banja la Bantu, ndipo amene amatola mawu awiri omveka mofanana n'kulengeza kuti Achewa anachokera ku Israeli akusocheretsa anthu. Kufananako sikulinso kwa paliponse: piel samangotanthauza kuchititsitsa monga ankaphunzitsira akale, ndipo nthawi za aneni a Chihebri siziyenda ngati zathu. Koma Hayyuj naye sanati Chihebri ndi Chiarabu n'chimodzi. Anangoyambira pa chimene ankachidziwa.

Inu aphunzitsi a Chihebri ku Ulónguè, ku Zomba, ku Nkhoma ndi ku Lusaka, tsiku loyamba la aneni lembani pabolodi kuona, kuoneka, kuonetsa, musanalembe qal, nifal ndi hifil. Ndipo inu abusa ndi akulu a mpingo a ku Filipe Samuel Magaia ndi kwina konse, musananene pagome kuti "m'Chihebri amatanthauza," yambani mwapeza muzu wa mneniyo m'dikishonale, muonenso ngati Buku Lopatulika, Buku Loyera ndi Almeida akugwirizana pa ndimeyo. Akasiyana, uzani mpingo kuti asiyana ndipo muwauze chifukwa chake.